Mwana Uja Sanafe ndi Malungo

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene anandisunga m'nyumba ya mdima, nandibweza ndili moyo. Ndithokozenso amayi anzanga a mumpingo amene ankasiya ufa pakhomo pathu osagogoda.

Anandiitana Lachisanu m'mawa, mvula yoyamba itangogwa, chaka chimene ofesi yathu inasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe. Ndinali wotayipa makalata. Mesenjala anaima patebulo panga, maso ali pansi, nati, "Mayi, kuli alendo anu panja." Ndinavundikira makina, juzi ndinaisiya pampando poganiza kuti ndibweranso posachedwa.

Nkhani yake inali iyi. Kunyumba kwathu ku Area 12 tinali ndi bambo wina wosamalira maluwa, wochokera kumudzi wa m'malire. Tsidya linalo kunali nkhondo. Tsiku lina ndege inaponya bomba pachigayo cha kwawo, amayi ali pamzere ndi madengu awo. Mkazi wake anafera pomwepo. Mwana wawo wamkazi, wosatha msinkhu, anavulala kwambiri, ndipo bamboyo anabwera naye kwathu palole ya njerwa, atamukulunga m'chitenje. Anamwalira m'kanyumba ka kuseri tisanapeze galimoto yopitira kuchipatala. Mtembo ndinasambitsa ndine, pamodzi ndi amayi awiri a mumpingo. Zimene tinaona sindilemba. M'tsitsi mwake munali mudakali ufa.

Lachinayi lotsatira, pamapemphero a amayi ku Old Town, ndinapempherera bambo ake a mwanayo. Ndinapemphereranso munthu amene analamula ndege ija, kuti Mulungu amuonetse nkhope ya mwanayo. Ambiri anati ameni. Wina anakandinenera kupolisi, ndipo alendo a Lachisanu aja anali apolisiwo.

Wondifunsa mafunso anali bambo wa imvi, waulemu, amene ankati anamenyapo nkhondo kunja ali mnyamata. Iye sanandikhudze. Ondikhudza anali ena, ndipo khutu langa lamanzere silimvanso.

"Amayi, m'dziko muno mulibe nkhondo," anatero. "Mwana uja anafa ndi malungo. Mukanene choncho pamaso pa amayi anzanu, basi mukagone kwanu."

"Malungo ndimawadziwa, bambo. Ndinamusambitsa ndine."

Anaseka pang'ono. "Mukudziwa amene ankagayitsa pachigayo chija anthu akagona? Zigawenga. Ufa wake ndi umene unkazipatsa mphamvu zokatchera mabomba mumsewu. Anyamata ofera mumsewumo nawonso ali ndi amayi awo. Mukanakhala inu mkulu wa asilikali, mukanatani? Wotentha tchire posaka mbewa safunsa nyerere."

"Mwana uja sanali nyerere," ndinayankha. "Abrahamu anachonderera mzinda woipa chifukwa cha olungama ochepa okhala momwemo, ndipo Mulungu sanamukalipire."

"Koma mzindawo unapsabe. Baibulo nanenso ndinawerenga kumishoni, amayi."

Yankho linandifikira patapita nthawi, ndikukolopa m'chitolokosi: moto usanagwe, angelo anayamba agwira banja lija padzanja nalitulutsa kunja. Bambo wa imvi uja sindinamuonenso kuti ndimuuze.

Anandisunga kundende ya amayi, osandizenga mlandu. Mvula inagwa, inatha, inagwanso. Woyang'anira wina wamkazi ankanditcha Amayi Busa. Potsegula chitseko ankati, "Amayi Busa, lero mwapempherera ndani, ndege kapena chigayo? Mundikumbukireko nanenso, nsapato zandithera." Iye yemweyo tsiku lina anandinong'oneza tikuchapa mabulangete: "Amuna anu awachotsa ntchito, nyumba alanda. Inu mukufera mwana wa eni, nanga wanu akumuyamwitsa ndani?"

Ndinali nditasiya khanda kubere. Mkaka unandivutitsa masiku oyamba, kenaka unauma.

Nthawi ndi nthawi ankabwera anthu atsopano ndi funso lakale lomwe lija, ine yankho lomwe lija. Chitseko chinali pafupi kwambiri, mawu amodzi okha. Ndinkakumbukira anyamata atatu m'ng'anjo ya moto, mtima n'kulimba. Sindinakumbukire kuti iwo analowa m'ng'anjomo okha, osasiya khanda kunyumba.

Ananditulutsa monga ananditengera, osandiuza chifukwa. Ananditsitsa pafupi ndi msika wa Old Town, dzuwa likuswa mtengo, nditavala diresi lomwe ndinapita nalo kuntchito. Mzinda unali utakula, misewu ina sindinaidziwe. Banja langa ndinalipeza m'chipinda chimodzi kuseri kwa sitolo ya mmwenye wina wachifundo, amene analemba ntchito amuna anga pamene ena onse ankawazemba. Mwana wathu woyamba, mtsikana, anali atasiya sukulu kuti alere abale ake. Khanda lija linali likuyenda. Litandiona linabisala kumbuyo kwa mlongo wake, n'kufunsa, "Achemwali, amayi awa akufuna chiyani?"

Amuna anga sanandidzudzulepo, tsiku limenelo kapena lina lililonse. Anangoti, "Mwafika, amake mwana. Khalani pansi." Bambo wa maluwa uja akuti anamuthamangitsira tsidya lija. Sitinamvenso za iye.

Mpaka lero ndimakhulupirira kuti kuponya bomba pamzere wa amayi ndi tchimo, kaya pachigayopo pankagayitsanso ndani. Ndipo sindikuona mmene ndikanaimirira m'nyumba ya Mulungu n'kunena kuti anali malungo. Koma ufulu ndi umene unandiphunzitsa chinthu chowawa: nanenso nkhondo yanga ndinaisankha ndekha, ndili ndi chifukwa chabwino, ndipo amene anavulala nayo ndi ana amene sindinawafunse. Khanda lija tsopano ndi bambo wa ana ake. Amandilemekeza, amandigulira mankhwala, amagwada pondipatsa moni. Koma akadwala amaitana mlongo wake.

Inu amene mwawerenga izi, Ambuye akusungeni kutali ndi tsiku lotere. Likakufikirani, akupatseni mtima wonena zoona, ndiponso maso oona ang'onoang'ono amene adzasenza zimene inu mwasankha. Mtendere wake ukhale pa inu ndi pa ana anu. Ameni.