Rozaria Amene Ankalephera Kuwoloka Khwawa

Inu amene chinthu china chinakupwetekani ndipo mukuopa kuchiyandikiranso, imvani nkhani ya Rozaria Mukhova wa ku Nkhulambe, m'boma la Phalombe.

Pamene namondwe wa Freddy anawomba mu Malichi 2023, Rozaria anali ndi zaka makumi awiri. Napolo anatsika m'phiri ndi matope, mitengo ndi miyala ikuluikulu. Iye anapulumuka chifukwa madzi anamukankhira pa mtengo wa mango, naugwiritsitsa mpaka anthu anadzamutsitsa. Mayi ake, amene ankakhala nawo awiriwiri, sanapezeke mpaka lero. Pamene panali nyumba ndi munda wawo wa chinangwa panangotsala mchenga ndi miyala.

Anthu atayamba kuchoka pamsasa wa opulumuka ngoziyo, malume ake, a Lingson, anamutenga kukakhala nawo ku Nazombe. Zilonda zinapola, koma Rozaria sankathanso kuyandikira madzi. Posamba ankangonyowetsa kansalu m'kapu n'kumadzipukuta. Kumjigo ankapita, koma ndowa ikamadzaza ankayang'ana kumbali. Kumtsinje sankapondako n'komwe. Amayi ena ankamumvera chisoni, ena ankati ndi ulesi wofuna kuthawa kuchapa.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, malume anamutuma kukagulitsa nandolo kumsika. Njira yachidule inkadutsa pakhwawa lina pamene mlatho wamitengo unakokoloka. Madzi ake ankalekeza m'kakolo. Anthu ankangovula masilipasi n'kuwoloka, akabaza ankadutsa osatsika njinga. Rozaria anatula thumba lake n'kukhala pamwala. Anakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka mthunzi unafika kumapazi.

Mayi wina wa pa njinga yamoto anamudutsa popita, pobwerera n'kumupeza pomwepo. Anali a Wanangwa, namwino wochokera ku Nkhata Bay, amene ankayendera sikelo ya ana m'midzi ya kumeneko. Anazimitsa njinga.

"Achemwali, mukudikira wina?"

"Ayi. Ndikulephera kuwoloka."

A Wanangwa anayang'ana timadzito, n'kuyang'ana nkhope ya mtsikanayo. Sanaseke. Anali ataona anthu ambiri a ku Nkhulambe chaka chimenecho, ndipo sanafunikire kufunsa zambiri. Anavula nsapato, namugwira dzanja, nawoloka naye pang'onopang'ono. Ali kutsidya anamuuza kuti Loweruka lililonse amakasambira padziwe lina m'munsi mwa phiri.

"Mubwere. Simulowa m'madzi ngati simukufuna. Mudzangokhala pathanthwe."

Loweruka loyamba Rozaria anakhaladi pathanthwe. Lachiwiri anaviika mapazi. Panapita milungu itatu asanavomere kumiza nkhope, ndipo anayambira m'beseni, kunja kwa dziwe. A Wanangwa anamanga zigubu ziwiri zopanda kanthu ndi chitenje, namugoneka pakati pake kuti ayandame. Tsiku limene anamasula zigubuzo, Rozaria anamwa madzi, anatsokomola, analira, kenako anapempha kuti ayeserenso.

Nkhani inawapeza a Lingson kudzera mwa anthu otola nkhuni. Anamuyitana pakhonde.

"Madzi anadya mlongo wanga. Iwenso ukukadzipereka wekha? Ndidzawauza chiyani abale?"

Rozaria anagwada monga mwa mwambo, koma sanabweze mawu ake.

"Amalume, mvula idzabweranso. Sindikufuna kuti idzandipeze monga inandipezera."

A Lingson sanamulole, komanso sanamuletse. Anangoti ntchito ya kumunda isatsalire. Choncho Rozaria ankalawirira kumunda, n'kumapita kudziwe atamaliza ndime yake.

Dzinja litalowa anasiya, chifukwa mitsinje ya m'phiri imadzaza mosachenjeza. Chilimwe chotsatira anabwerera, ndipo pofika Ogasiti ankatha kusambira dziwe lonse kupita ndi kubwerera kakhumi osapuma.

Nthawi imeneyo bambo wina dzina lake Steve, amene ankaperekeza alendo okwera phiri, anaona kuti kukatentha alendo ambiri amafuna madzi kuposa nsonga za phiri. Anagula majekete oyandamitsa, zisoti, zingwe ndi timabwato tiwiri tapulasitiki totchedwa kayaki. Ankafuna kuti alendo azidumphira m'maiwe kuchokera pamatanthwe, aziyandama pa machubu a matayala m'mitsinje, azitsika m'mbali mwa mathithi atamangidwa chingwe, ndipo ena azikapalasa kayaki kunyanja ya Chilwa. Anafuna anthu anayi odziwa kusambira ndi kupulumutsa munthu.

Pa mayeso panabwera amuna khumi ndi mmodzi, ndi Rozaria. Aliyense ankayenera kumira mpaka pansi pa dziwe, n'kuvuula thumba la mchenga. Rozaria anali womaliza, ndipo pofika nthawi yake anzake anali atavundula madzi. Atangomira anaona matope okhaokha. Mtima unabwerera ku tsiku la napolo. Anavuuka chimanjamanja, ndipo a Steve anachita kumukokera kumtunda.

"Kusambira mumatha, mayi," anatero a Steve, "koma munthu akamamira samasankha madzi oyera. Sindingakupatseni moyo wa mlendo."

Mawuwo anali owona, ndipo n'chifukwa chake anamupweteka. Sabata yomweyo a Wanangwa analandira kalata yowasamutsira ku chipatala china kumpoto. Rozaria anatsala wopanda mphunzitsi, wopanda ntchito, ndipo anyamata a pamsika anali atamupatsa kale dzina loti Namatope. Anatha milungu iwiri osapita kudziwe. Ankangosenda chinangwa n'kumayanika makaka.

Kenako anaganiza kuti ngati vuto ndi matope, ndiye kuti akaphunzire m'matope momwemo. Anapempha malo kwa mayi wina wogula nsomba, a Zelifa, amene ankapita kudooko la ku Chilwa kawiri pa sabata. Madzi a Chilwa ndi a mbuu, munthu suona ngakhale dzanja lako. A Zelifa akamakambirana mitengo ndi asodzi, Rozaria ankalowa pamalo pamene asodziwo amuuza kuti m'pabwino, n'kuponya mwala womangidwa nsanza, n'kumaufunafuna ndi manja okha. Masiku oyamba ankavuuka asanawerenge mpaka zisanu. Atatha miyezi iwiri ankaupeza mwalawo ali chitsinzinire. Asodzi, amene poyamba ankamuseka, anayamba kumubwereka nkhafi n'kumuwonetsa kapalasidwe ka bwato mphepo ikamawomba cham'mbali.

Mu Novembala anabwerera kwa a Steve. Anawapempha kuti anyamata awo ayambe avundula dziwe iye asanalowe. Anamira, natuluka ndi thumba. A Steve anamulemba ntchito tsiku lomwelo, ndipo anamutumiza ku maphunziro a chithandizo choyamba pa ngozi.

Ntchitoyo sinali yosambira kokha. Ankadzuka m'mawa kukayeza kuya kwa dziwe ndi nsungwi, chifukwa mchenga umasuntha ndipo pamene dzulo panali pozama lero pakhoza kukhala mwala. Ankafufuza chingwe chilichonse ndi zala. Ankayang'ana mitambo pamwamba pa phiri, ndipo ikada ankatulutsa anthu m'madzi ngakhale kumunsi kuli dzuwa. Alendo ena ankadandaula. Iye sankakangana nawo, ankangoyamba kulongedza majekete.

Mu Okutobala 2025 kunabwera gulu la ogwira ntchito muofesi ina ya ku Blantyre. M'mawa anayandama pa machubu, akukuwa ndi kuseka pamene madzi amathamanga pakati pa miyala. Masana anafika pathanthwe lodumphira, lotalika ngati nyumba yosanja. Mmodzi mwa iwo, a Mavuto, bambo wojintcha, anavula jekete Rozaria akuthandiza mayi wina kumanga chisoti. Ankafuna kuti chithunzi chituluke bwino. Anadumpha, nagwera chamimba, ndipo mpweya unawathera.

Rozaria anamva kuti kagwedwe kameneko sikanali bwino. Anatembenuka n'kuona dzanja likulowa pansi. Anadumpha. Atawapeza, a Mavuto anamukakamira pakhosi ndi manja onse awiri, monga amachitira munthu aliyense womira. Onse awiri anayamba kutsika. Rozaria sanalimbane nawo. Anadzimiza yekha kupita pansi kwambiri, chifukwa ankadziwa kuti womira safuna kutsika ndipo amasiya chilichonse chomukokera pansi. Manja aja anamasuka. Iye anazungulira kumbuyo kwawo, nawagwira pachibwano, nasambira nawo chagada mpaka pamchenga.

A Mavuto anasanza madzi, nakhala pansi. Kenako anati, "Chemwali, ndalakwa. Munandiuza."

"Valani jekete," anayankha Rozaria. "Mukapuma, ngati mukufuna, tidumphira limodzi. Mapazi ndiwo atsogole."

Anadumphadi, ndipo ulendo uno analowa bwino.

Lero Rozaria ndiye amatsogolera za m'madzi zonse pa kagulu ka a Steve. Wamanga kanyumba ka njerwa zowotcha pamalo okwera, kutali ndi njira ya madzi. Lachitatu lililonse m'chilimwe, tsiku limene kulibe alendo, amaphunzitsa kusambira amayi ndi atsikana a m'midzi yoyandikana, osawalipiritsa. Ena mwa iwo ndi ochokera ku Nkhulambe, ndipo amabwera ndi nkhani zofanana ndi yake.

Mayi wina mwa ophunzirawo, atayima m'madzi ofika m'chiuno, anamufunsa tsiku lina kuti, "Aphunzitsi, kodi mantha amatha liti?"

Rozaria anamutambasulira mkono.

"Kwa ine sanathe. Mvula ikagwa masiku atatu osakata, chakudya chimandikanika, ndimawakumbuka amayi. Koma mantha aja kale ankandilamula. Pano amangondikumbutsa kuti ndifufuze chingwe kawiri. Gwirani mkono wanga, mugone chagada."

Owerenga, Rozaria sanabwezeredwe chimene anataya, ndipo palibe amene angamubwezere. Anangokana kuti tsiku limodzi loipa limusankhire moyo wonse. Analephera pamaso pa anthu, anapatsidwa dzina lachipongwe, womuthandiza anasamuka, koma iye anapita kukafunafuna chinthu chenicheni chimene chinamugonjetsa n'kuphunzira kulimbana nacho. Mwina kwa inu ndi mayeso, mwina ndi geni imene inagwa, mwina ndi maliro amene anakusiyani opanda mphamvu. Simukuyenera kulimba mtima lero lomwe. Yambani ndi chimene mungathe, mawa muwonjezerepo pang'ono, ndipo mukagwa mubwererenso. Mtima wanu musautaye, pakuti ndi umene mudzawolokere.