Kukana kwa a Mkangala

Ndikukumbukira chaka chomwe ndinali mu Sitandade 5, tikukhala kuseri kwa msika wa boma kufupi ndi Nambuma. Msikawo unali shedi yaitali ya malata, momwe boma linkagula chimanga ndi mtedza nthawi yokolola, n'kumagulitsanso chimangacho m'miyezi ya njala. Abambo anga, a Mbewe, ankagwira ntchito pa sikelo, ndipo nyumba yomwe tinkakhalamo inali ya pantchito. Zovala zathu zonse zinkanunkha mankhwala a anankafumbwe, moti anzanga kusukulu ankandizindikira ndisanalowe m'kalasi.

Phungu wa dera lathu tinkawatcha a Mkangala, chifukwa anali aatali ndi owonda ngati mtengo wopachikapo fodya m'chigafa. Dzina lawo lenileni linkamveka pa wailesi pokha. Makolo awo anachokera kummwera kudzagwira utenanti pa esiteti ina cha ku Kabudula, ndipo a Mkangala anakula akusoka fodya mbandakucha, kenako n'kuthamangira kusukulu manja akadali akuda ndi utomoni. Anadzakhala mphunzitsi, naphunzitsa ana a m'deralo zaka zambiri, ndipo zipani zitachuluka anthu anawasankha kukhala phungu. Anthu akawakonda ankati "aphunzitsi athu". Akawakwiyira ankakumbukira msanga kuti ndi mwana wa tenanti, wobwera.

Chipani chawo chinali chotsutsa boma, ndipo iwo kutsutsako ankakuchita ndi mtima wonse. Boma litafuna kuwonjezera msonkho pa zinthu za m'golosale, anakana. Litafuna kumadula ndalama ina pa belo iliyonse ya fodya, anakana. Aphungu atagwirizana zodzikwezera okha malipiro, akuti anakananso, mpaka anzawo a m'chipani chomwecho anayamba kuwayang'ana cham'mbali. Anthu ankati n'chifukwa chake msewu wathu sunkapalidwa, ndipo mlatho wa padambo unangokhala wa mitengo chaka ndi chaka.

Abambo sankawafuna n'komwe. Iwo anali mkulu wa mpingo, munthu wokhulupirira kuti wamkulu akalankhula, wamng'ono amati "chabwino". Kwathu mawu akuti "wotsutsa" anali odzudzulira mwana wamwano, ndipo ine, poti ndinali wapakamwa, ndinkawamva pafupipafupi. "Munthu wongoti ayi, ayi, adzatibweretsera chiyani?" ankatero abambo. Pa chisankho sanawavotere, ndipo sankabisa.

Kenako kunamveka kuti boma labweretsa ku Nyumba ya Malamulo bilu yoti misika ing'onoing'ono ya kumidzi ngati wathuwo itsekedwe, malonda a mbewu asiyidwe m'manja mwa ogula oyima paokha. Kwa anthu a m'midzi, zimenezi zinkatanthauza kugula chimanga kwa mavenda mwezi wa Febuluwale. Kwa ife zinkatanthauza kutha kwa ntchito ya abambo ndi kutuluka m'nyumba ija. Apa ndinayamba kumva abambo akufunsa anthu motsitsa mawu ngati a Mkangala akakane. Ndinkaseka mumtima, chifukwa ayi yemwe ankamunyoza uja tsopano ankamuyembekeza ngati mvula.

Tsiku la voti linali Lachinayi masana. Abambo anayanika kaye mabatire padzuwa, kenako anakhazika wailesi yawo pa sikelo penipeni. Khonde la shedi linadzaza: alonda, amayi osoka matumba, alimi amene anabwera ndi ngolo n'kuiwala zotsitsa katundu. Zokambirana zonse zinali m'Chingerezi, Chingerezi chothamanga, chosiyana ndi cha m'buku lathu la kusukulu. Abambo ankatolako liwu limodzilimodzi, ine chimodzimodzi. Koma mawu a a Mkangala tinawazindikira tonse. Analankhula nthawi yaitali, ena akuwasokoneza ndi kugogoda matebulo, ndipo m'kati mwa Chingerezicho tinamva akutchula Nambuma. Amayi ena anati, "Atitchula, eti?" n'kukonza chitenje chawo ngati akuonedwa.

Atatha onse, Sipikala ananena mawu ochepa, ndipo nyumba yonse inayankha ndi mkokomo umodzi: "Aaayi!" Wailesi inachita kunjenjemera pa sikelo. Patangopita kamphindi kunamveka timawu tochepa, tobalalika, tikuti "Noo." Ife n'kuti titayamba kale kuwomba m'manja. Mlonda wina, a Kachepa, amene ankadziwika kuti amamva zandale, anafotokozera gulu lonse kuti ambiri akana m'Chichewa, otsalawo akananso m'Chingerezi, ndiye kuti nyumba yonse yakana. Nthungululu zinamveka mpaka kuchigayo. Abambo anazimitsa wailesi kuti asunge mabatire, navula chipewa, n'kuthokoza Mulungu pamaso pa anthu onse. Amayi anga anapha nkhuku.

Tili pakati pa kudya madzulo, nkhani za m'Chichewa zinayamba pa wailesi, ndipo nkhani yoyamba inali yakuti Nyumba ya Malamulo yavomereza bilu ija. Abambo anasiya ntchafu ya nkhuku m'mbale.

"Walakwitsa kuwerenga ameneyu," anatero.

Anatenga njinga kupita kwa ahedi a sukulu yathu. Pobwerera sanaikwere, ankangoikankha. Ahedi anawauza kuti m'Chingerezi cha m'nyumba imeneyo muli liwu lomveka ngati ayi wathu, koma tanthauzo lake ndi inde. Mkokomo umene tinauimbira nthungululu unali wa anthu otitsekera msika. Timawu tochepa tija ndiye tinali ta okana, ndipo a Mkangala anali momwemo. Sindinaonepo abambo atachita manyazi ngati tsiku limenelo. Nkhuku yotsalayo tinadya mawa lake, ndipo palibe anaiyamikira.

Loweruka a Mkangala anabwera pa galimoto yawo yakale n'kuima pamsika. Anthu anasonkhana, koma nkhope zinali zolimba. Manyazi a nthungululu zija anali atasanduka mkwiyo, ndipo munthu amene anali pafupi woti amukwiyire anali iwowo. Wina anati akanakhala a mbali ya boma, akanakanong'oneza nduna, msika wathu n'kuusiya. Wina anati chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndiye kulimbana ndi boma n'kudzitopetsa chabe. Kumbuyo kunamveka mawu akuti obwera sadziwa kupempha. A Mkangala ankangomvetsera, atakhala pa thumba la mtedza, mawondo atafika pafupi ndi chibwano.

Amayi anandituma kukawapatsa madzi akumwa. Ndinagwada n'kupereka kapu, koma m'malo mochoka ndinafunsa chomwe chinkandivuta kuyambira Lachinayi lija. M'maganizo mwanga, kumeneko ankapambana amene wakuwa kwambiri, ndipo ndinali wokwiya kuti munthu wathu sanalimbikire.

"Kodi bwanji simunakuwe kwambiri?"

"Iwe Esinati," anatero abambo ndi mawu amene ndinkawadziwa bwino. "Pepani a Onarebo, mwana uyu pakamwa pake..."

"Musiyeni, a Mbewe, wafunsa bwino." Mawu awo anali osasa ndithu. "Ndinakuwa, mwanawe, mpaka mawu anathera konko. Koma munthu ali ndi khosi limodzi."

"Ndiye munkadziwa kuti akupambanani?"

"Ndinkadziwa ndisananyamuke kuno. Timadziwana kuja. Iwo ndi ambiri."

"Nanga munakaniranji?"

Ndinamva abambo akupuma mwamphamvu kumbuyo kwanga, ndipo ndinadziwa kuti madzulo kuli mlandu. A Mkangala anamwa madzi aja pang'onopang'ono, n'kundibwezera kapu.

"Mpando umene ndimakhalapo kuja si wanga, ndi wa anthu onsewa. Ndikanakhala chete, akanati a ku Nambuma avomera. Ndikanati inde, ndiye kuti bambo akowa apempha okha kuti awachotse ntchito. Kodi anapempha?"

Ndinayang'ana abambo. Iwo ankayang'ana pansi.

"Sanapemphe," ndinatero.

"Ndiye zimenezo ndi zomwe ndinakanena."

Madzulo mlandu sunakhalepo. Abambo sanandikalipire. Anangokhala pakhonde akupukuta njinga yomwe inali yoyera kale.

Msika unatsekedwa mvula isanagwe. Kunabwera lole kudzatenga sikelo, ndipo abambo anathandiza nawo kuikweza, akuwachenjeza anyamata kuti asaigwetse. Ife tinasamukira kumudzi kwa amayi cha ku Nsaru. Abambo anakayamba chikamwini atakula kale, munthu amene anazolowera kulandira malipiro pakutha pa mwezi, akulima munda wa apongozi ndi kupempha khasu. Zinawapweteka, ndipo zinatipweteka tonse. Febuluwale atafika tinagula chimanga kwa mavenda, pa zitini zophwanyidwa kunsi, ndipo masiku ena tinkagonera maungu. Kukana kwa a Mkangala sikunatipulumutse ku chilichonse cha zimenezi. Sindinganame kuti ndinawamvetsa nthawi yomweyo. Kwa nthawi yaitali ndinkaona kuti anandiyankha mawu okoma chabe, pamene ine ndinkafuna nyumba yathu.

Chisankho chotsatira chitafika, anthu a dera lija anasankha munthu wa chipani cholamula amene analonjeza mlatho. A Mkangala anagwa, nabwerera kwawo kukalima. Koma m'mawa wa tsiku lovotalo abambo anapopa njinga, chifukwa dzina lawo linali likadali m'kaundula wa ku Nambuma. Amayi anayesa kuwaletsa.

"Mtunda wonsewo, kukavotera munthu amene aliyense akudziwa kuti agwa?"

"Munthu uja anakana m'malo mwanga," anatero abambo, n'kukwera njinga.

Anabwerera dzuwa likulowa, fumbi mpaka m'nsidze, chala chili ndi inki. Zotsatira zitalengezedwa sanadabwe, ndiponso sanadandaule za ulendowo.

Lero ndine mayi wamkulu, ndakhalapo m'misonkhano yambiri ya makomiti, ya sukulu ndi ya mpingo, ndipo ndaona mmene kumavutira kukweza dzanja uli wekha pamene anzako onse agwirizana kale panja. Ndili mwana ndinkaganiza kuti kukana kuli ndi phindu pokhapokha ukapambana. Phungu aliyense ndikamumva akulonjeza, ndimafuna kudziwa kaye kuti tsiku limene mbali yake inali yochepa, iye anati chiyani. Ena amadwala tsiku lomwelo, ena amatuluka kukayankha foni. Sindikunena kuti a Mkangala ankalondola pa zonse zimene anakana. Mwina msewu uja ukanapalidwa akanakhala munthu wofewerapo, ndipo amene ankayenda m'matope aja anali ndi chifukwa chowakwiyira.

Chomwe ndinadzamvetsa ndinachimvera kwa abambo, atakalamba, akufotokozera zidzukulu zawo mmene ntchito yawo inathera. Nkhani ya nthungululu ankaikamba okha, akuseka mpaka kutsokomola. Koma akafika pa kutsekedwa kwa msika ankasiya kuseka. Munthu amene sanapondepo m'Nyumba ya Malamulo, amene moyo wake wonse sanayankhepo wamkulu, sankanena kuti phungu anakana. Ankawongola msana n'kunena kuti, "Anatitsekera, inde. Koma ife tinakana."