Mwala Wachisanu ndi Chinayi

Mkazi wanga anamwalira mvula itangokata, mtedza usanakumbidwe. Anasiya mwana wamkazi wa zaka ziwiri. Ine ndinali mkamwini m'mudzi wa kwawo, kufupi ndi Chiparamba, ndipo ndinkaphunzitsa pasukulu ya mishoni imene inali kumapeto kwa mudziwo. Mwambo ndinkaudziwa: ndikhalabe m'nyumba yathu mpaka mowa wa maliro utafulidwa, kenako adzandimeta, adzandisudzula, mwana n'kutsala kwa eni mbumba. Chimene sindinkadziwa n'chakuti akandisudzula adzandilola kukhala pafupi ndi mwanayo kapena adzanditsekera njira. Mawu amenewo anali m'kamwa mwa atsibweni a mkazi wanga, ndipo iwo sanafulumire kuwatulutsa.

Mwana anamutenga ndi alamu anga, mkulu wake wa malemu. Ndinkapita kukamuona ndikaweruka, ndikukhala pakhonde mpaka atatopa nane.

Miyezi yodikirayo manja anga analibe chogwira. Kulira pagulu sindinkatha. Ena ankati sukulu inandiumitsa mtima, ndipo sindinawatsutse. Tsiku lina ndikusanthula bokosi la mabuku anga a ku koleji ndinapeza tsamba la nyuzipepala limene mphunzitsi wathu wina anatigawira. Linkanena za mayiko ozungulira dzuwa, kuti kale ankadziwika asanu ndi atatu, koma zaka zochepa m'mbuyomo munthu wina kutsidya kwa nyanja anapeza lachisanu ndi chinayi. Silioneka ndi maso. Analipeza poyerekeza zithunzi ziwiri za thambo, n'kuona kadontho kamodzi katasuntha. Ulendo umodzi wozungulira dzuwa limauyenda zaka pafupifupi mazana awiri ndi theka. Ndipo njira yake ndi yachilendo: anzake onse amayenda ngati nyemba pa lichero logona bwino, koma ili lichero lake ndi lopendekeka. Nthawi zina limalowa mkati kuposa lachisanu ndi chitatu, kenako n'kuthawira kutali kwambiri.

Tsamba limeneli ndinali nditamuwerengerapo mkazi wanga ali ndi pakati, akusenda mtedza pamphasa.

"Ndiye kuzizira kwake ngati kudambo mwezi wa Juni?" anafunsa.

"Kuposa pamenepo."

"Ngati matalala?"

"Akuti dziko lonse ndi louma gwa ndi chisanu."

"Nanga amene analionayo anadyapo chiyani?" Anaseka, n'kundiponyera khoko la mtedza. "Aphunzitsi, inu mumakonda zinthu zosabwera pakhomo."

Ankanditcha aphunzitsi akafuna kundiseka basi.

Ndinaganiza zowaonetsa ana a sukulu kutalika kwa mayikowo ndi miyendo. Ndimo mmene ndinadziuzira. Dzuwa linakhala chitsulo chimene tinkaliza ngati belu, chopachikidwa pamtengo wa mango. Ndinatola miyala isanu ndi inayi, n'kuipaka njereza yotsala pokongoletsa tchalitchi, kuti isasowe mu udzu. Dziko lathu ndinaliika mapazi makumi awiri kuchokera pachitsulo, ena onse n'kuwawerengera potengera pamenepo. Anayi oyamba anakwanira m'bwalo la sukulu. Lachisanu linagwera kuseri kwa chimbudzi, ana n'kuseka mpaka misozi. Lachisanu ndi chitatu linafuna mapazi mazana asanu ndi limodzi, ndipo mwala wake unakagwera pafupi ndi nkhokwe ya alamu anga.

Vuto linali mwala womaliza. Likayandikira, malo ake anali pankhokwe pomwepo. Likatalikira, anali mapazi pafupifupi chikwi, ndipo nditawayenda ndinadutsa munda wa mtedza wa atsibweni n'kukaima pamene mitengo ya kumanda imayambira. Tsamba lija silinanene kuti m'zaka zathuzi dzikolo linali pati. Ndinalitembenuza kangapo. Kuseri kwake kunali chithunzi cha njinga zogulitsa.

Ndinausiya mwalawo m'mphepete mwa mitengo ija. M'mawa mwake ndinaona kuti ndalakwa, ndinakautenga n'kuuika pakati pa munda. Mkuja wake ndinakumbukira za kupendekeka, kuti suyenera kukhala pansi pofanana ndi inzake, ndinauika pamwamba pa chulu. Kenako pamphanda ya mtengo. Ana anasiya kunditsatira sabata yoyamba yomweyo. Ine ndinapitiriza ndekha, masana onse ndikaweruka: kuchokera pachitsulo, kope m'manja, kuwerenga mapazi mokweza m'Chingelezi monga anatizolowezera ku koleji, tsitsi lili nyankhalala chifukwa ndinali ndisanametedwe. Ndikasokonezeka ndinkabwerera kukayambiranso. Sindinganene kuti ndinkafuna chiyani. Ndinkangomva kuti pali malo ake enieni, ndipo ndikawapeza ndidzapuma.

Sindinaone kuti amayi asiya kundipatsa moni panjira ya kuchitsime. Sindinaonenso kuti ana ena asiya kubwera kusukulu.

Anandidzutsa ndi alamu anga. Ndinafika pakhomo pawo monga mwa masiku onse, ndinapeza mwana ali kumbuyo kwawo, womangidwa ndi nsalu ngati wakhanda.

"Alamu, mwatigulitsa kwa ndani?" anatero, osandipatsa ndi mpando womwe.

"Kugulitsa chiyani?"

"Musandiyese mwana. Nkhokwe yangayi ikugwera mbali ya mzungu kapena yathu? Ndiuzeni ndiphwasuliretu, chiswe chisandithandize."

Ndinayamba kufotokoza za dzuwa. Anandidula.

"Dzuwa! Mng'ono wanga sanaume n'komwe, inu mwayamba kale kuyeza manda ake. Uzani atsibweni za dzuwa lanulo. Akuti apita kwa abambo a kumishoni akawapemphe akusamutseni."

Pamenepo m'pamene ndinaziona ndi maso awo. Mudzi umenewu unali utasamutsidwapo kale. Atsibweni ali mnyamata kunabwera anthu oyeza malo, oyenda akuwerenga m'Chingelezi ndi kulemba m'makope, n'kumasiya miyala yopaka njereza. Mvula ziwiri zisanathe, kumene kunali mudzi kunakhala munda wa fodya. Manda a amayi awo anatsala mkati mwa waya. Ndipo m'masiku amenewo kunkamvekanso mphekesera zochokera ku Boma zoti midzi ina isuntha. Ine zonsezi ndinkazidziwa. Ndinali nditazimva kwa mkazi wanga yemwe. Koma ndinapaka miyala njereza osaganizako ngakhale kamodzi.

Loweruka m'mawa atsibweni anafika pasukulu. Anali munthu wamfupi, wotsimphina mwendo wamanzere, wolankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa wina. Mwala wachisanu ndi chinayi anali atauyangata m'khwapa ngati nkhuku.

"Akamwini, ndautola m'munda mwanga. Sindinaubzale ine."

Ndinagwada. "Bambo, si malire. Ndinalakwa posakuuzani."

"Dzukani. Mundiyendetse mmene mumayendera. Muwerenge m'chinenero chimene ndimamva."

Tinayambira pachitsulo. Ndinawaonetsa mwala wa dziko lathu.

"Ife tonse tili apa?"

"Inde, bambo."

"Ndi a ku Boma omwe?"

"Ndi iwo omwe."

"Hm. Pothina."

Kuseri kwa chimbudzi sanaseke. Tinayenda pang'onopang'ono chifukwa cha mwendo wawo, ine ndikuwerenga, anthu akusuzumira m'makonde. Pankhokwe ya alamu tinaima. Ndinanena kuti apa ndi pamene lomalizalo limafika likayandikira, ndipo likatalikira limafika uko. Ndinaloza ku mitengo. Iwo sanayang'ane kumene ndinkaloza.

"Ndiye malo ake ndi ati?"

"Sindikudziwa, bambo."

"Inu aphunzitsi?"

"Pepala silikunena."

"Munaliona?"

"Ayi."

"Amene anakuphunzitsaniyo analiona?"

"Ayi. Anangowerenga."

"Kuli anthu?"

"Kulibe. Nkozizira kwambiri."

"Fodya angamere?"

"Sangamere."

Anatulutsa kabotolo ka fodya wamphuno, n'kununkhiza. Alamu anali ataima pakhomo, mwana ali m'manja.

"Miyala isanu ndi itatuyi ndaimva," anatero atsibweni. "Mwaiika kamodzi, yakhala. Koma uwu wokha ndiwo mukuyenda nawo. Ndipo ndakhala ndikukuonani ndili m'munda. Tsiku lililonse mumaubweza pang'ono, mawa lake mwaupititsanso kumitengo kuja. Mukafika kumeneko simulemba kanthu m'kope. Mumangoima."

Sindinkadziwa kuti ndimaima.

"Oyeza malo aja sankaima," anatero. "Ndinawaona ine. Ankafulumira."

Anafunsanso kuti dzikolo likathawira kutali choncho limabwereranso kapena limapitiratu. Ndinati limabwerera, koma patapita zaka zambiri, moti amene analiona likupita sangalione likubwera. Ndinayamba kunena za lichero lopendekeka, iwo anakweza dzanja.

"Zakwana. Mutu wanga ndi wa mtedza."

Anawerama movutikira, n'kuuika mwalawo pansi pa nkhokwe, pambali pa unzake, n'kuupondereza ndi chidendene.

"Mwati nthawi zina limafika apa?"

"Inde."

"Ndiye simunama mukausiya apa. Usasunthenso. Kumitengo kuja n'kwathu, tidzakutengani tokha tsiku lake likafika. Munthu sapitako yekha ndi kope."

Alamu anati, "Atsibweni, ndiye nkhuku zanga zizikwera pa dziko la alamu?"

"Zizikwera. Akuti kulibe mwini."

Mowa unafulidwa mtedza utalowa m'nkhokwe. Anandimeta m'mawa, pamodzi ndi abale ena, ndipo atsibweni ananena pamaso pa anthu kuti ndamasuka, nditha kupita kwathu kapena kukwatira kumene ndingafune. Nyumba yathu inagwetsedwa monga mwa mwambo. Ndinayembekezera mawu ena aja. Anayamba kulankhula za mbuzi imene inalowa m'dimba la wina, ndipo ndinaganiza kuti aiwala, kapena kuti kusanenako ndiye yankho. Anthu atayamba kubalalika m'pamene anatembenuka.

"Kanyumba ka pasukulu kaja kakudontha. Mukafolere mvula isanabwere. Mwana ndi wathu, sachoka. Koma njira mwaiyeza kale nokha."

Kwa abambo a kumishoni sanapite.

Ndikukhala m'kanyumba kameneko tsopano, chaka chachiwiri. Miyala ya m'bwalo ana anaitaya posewera, wa kuseri kwa chimbudzi unakwiririka. Iwiri ya pankhokwe ilipo, njereza inasuluka. Ndinalembera kalata mphunzitsi wanga uja kufunsa kumene dzikolo lili m'zaka zino. Kalata inabwerera yosatsegula. Akuti anapita kunkhondo. Choncho sindikudziwabe ngati mwalawo uli pamalo pake, ndipo ndikaganiza bwino ndimaona kuti mwina suli. Sindidziwanso ngati atsibweni anamva chilichonse cha zimene ndinawauza, kapena anamva zina zimene sindinanene.

Ndikaweruka ndimanyamuka pachitsulo. Ndinayesa kuleka kuwerenga mapazi, koma pakamwa pamawerenga pokha. Mwana amandidikira atakhala pamwala womalizawo, chifukwa ndi wosalala kuposa unzake. Tsiku lina anandifunsa kuti mwalawo ndi wa ndani. Ndisanatsegule pakamwa, alamu anayankha ali m'khitchini.

"Ndi wa bambo ako. Usawapatse, angayambenso kuyenda nawo."