Kamfundo Pansi pa Diso la Atelala

Atelala amasokera pakhonde la sitolo ya nsapato, makina awo atayang'ana kumsewu. Anayamba kukhala pamenepo ndevu zisanamere bwino, ndipo ana ambiri a m'deralo anayamba sukulu atavala yunifolomu yotuluka m'manja mwawo. Kale ankalandira ntchito iliyonse, ngakhale yodzatengedwa chaka chamawa. Koma chibwerereni kuchipatala anasintha.

Matendawo anayamba ngati kachilonda pachikope cham'munsi, kosapola, kotuluka magazi akakakanda. Kuchipatala anati ndi khansa. Anawachita opaleshoni, kudula pamalopo pamodzi ndi mnofu wozungulira, n'kusokererapo khungu lochokera kuseri kwa khutu. Diso linapulumuka, kungoti limalengeza misozi kukachita mphepo. Dokotala anati zimene anapima zikusonyeza kuti anachotsa zonse, koma azibwerabe kudzaonedwa, chifukwa nthendayi nthawi zina imabwerera.

Mawu oti "imabwerera" ndi okhawo amene Atelala anafika nawo kunyumba. Enawo anawasiya pabenchi ya kuchipatala.

Tsiku lina akusamba kumaso anakhudza kanthu kolimba pansi pa chipsera, kakang'ono ngati njere. Sanauze munthu. Kuyambira pamenepo mpando unayamba kuwatentha. Amapalasa makina pang'ono, n'kuima, chala chili kumaso. Amanyamuka kukayang'ana pagalasi la makasitomala, kubwerera, kunyamukanso. Ntchito amalandira yotha lero lokha: zipi, batani, kupinda thalauza.

Kenaka anabwera mwana wa mlongo wawo, atakumbatira nsalu yoyera.

"Amalume, ukwati wanga ndi mvula ikatha. Diresi musoka ndinu."

"Pita kwa wina, mama. Masowa atha."

"Atha liti? Dzulo lomweli ndakuonani mukulowetsa ulusi pasingano uku mukukalipira wanjinga."

"Ndati pita kwa wina. Ndingadule nsalu yako n'kuisiya panjira."

"Panjira mukupita kuti?"

Mtsikanayo anaika nsalu pamakina n'kumapita, osacheuka.

Madzulo akazi awo anawayang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a ana, chala chimenecho chikusaka chiyani kumasoko? Mwataya singano m'menemo?"

"Yabwerera," anatero Atelala, mawu ali pansi. "Gwirani apa."

Mayiwo anagwira, nkhope n'kugwa. Sanalire. Anangoti, "Ndiye mumati ikaona kuti mwakhala chete ichita manyazi? Mawa tikupita."

Pamzere wa kuchipatala Atelala analephera kukhazikika. Anakhala, anaima, anavula chipewa, anavalanso. Maso awo ankangothamangira mipendero yokhota ya zovala za odwala anzawo.

Dokotala, mayi wa magalasi uja anawachita opaleshoni, anaunika pachipsera ndi katochi. Anapukutapo, anatenga kopanira kakang'ono, n'kusolola kanthu. Anakaika pathonje.

"Bambo, paja mumagwira ntchito yanji?"

"Ndimasoka."

"Taonani ichi."

Atelala anasendera pafupi. Inali mfundo ya ulusi.

"Ndi ulusi umene tinasokera m'kati," anatero dokotala. "Umayenera kusungunuka wokha, koma nthawi zina thupi limaukankhira kunja."

Akazi awo anaseka mpaka kugwira khoma. "Moyo wonse munthu akumanga mfundo, lero mfundo yamuondetsa!"

Atelala sanaseke. "Ndiye kuti siidzabweranso, adokotala?"

"Pamenepo sindingalumbire. Koma tinaipeza isanafalikire, ndipo tinadula mosiya malo, ngati mmene mumachitira ndi nsalu. Ambiri otere amakhala mpaka kukalamba. Chipewa chisamachoke kumutu padzuwa. Mukakhudzanso kanthu, bwerani sabata yomweyo, osakasunga."

Atelala anazunguza chipewa m'manja. "Nanga diresi la ukwati wa mvula ikatha, munthu angalandire?"

"Landirani. La mwana wawo woyambanso mudzatiuza."

Sanadutsire kunyumba. Anafikira pakhonde paja, anavundukula makina, anayala nsalu yoyera ija, n'kuimbira foni mwana wa mlongo wawo.

"Bwera ndikuyeze. Ndipo usanenepe, sindisoka kawiri."

Akudikira, ananola choko, anapukuta sizasi. Chala chinanyamuka chokha kupita kumaso. Anachisiya chikhudze, chifufuze mbali zonse za chipsera. Kenaka anachibweza pansalu.