Duku ya Mkazi Wanga mu Ofesi

Tsiku limenelo kunacha ndi nkhungu yochokera ku Viphya, yozizira mpaka zala kuuma. Malole a matabwa a ku Chikangawa ankabuula pamsewu, ndipo chigayo cha kuseri kwa msika chinali chitayamba kale phokoso lake. Ndinali kalaliki wotaipa pa ofesi ina pa boma la Mzimba, nditangobwera kumene ku maphunziro a ntchito za mu ofesi ku Blantyre.

Kumeneko anatiphunzitsa kuyankha foni mwaulemu, kulandira alendo, ndi kutaipa osayang'ana zala. Mphunzitsi wathu ankatiphimba manja ndi nsalu. Nditabwerako ndinafotokozera anzanga awiri zonsezi: kalaliki wa zachuma, mkulu wa nthabwala wochokera ku Dedza, ndi mesenjala wathu wa ku Euthini. Anamvetsera mwachidwi. Bwana anali atanena kuti akakhutira nane andiika pa desiki ya pakhomo pa ofesi yawo, ndipo ine ndi malemu mkazi wanga tinkaipempherera nkhaniyi.

Mmawa umenewo bwana atatuluka, foni inalira. Ndinaimirira, monga tinkachitira polankhula ndi akuluakulu ngakhale sakutiona. Mawu olankhulira m'mphuno anati akuimba kuchokera ku likulu. Anati woyesa luso langa anali m'njira, ndipo anayenera kundipeza ndikutaipa nditamanga m'maso.

"Ku sukulu ankatiphimba manja, bwana," ndinatero.

"Zimenezo ndi za ophunzira. Omaliza amamanga m'maso."

Sindinadabwe kuti wa zachuma sanali pampando wake. Mesenjala anandithandiza kuganiza.

"Adada, mpango wanu ngwaung'ono chomene. Thamangani mukabwereke duku kwa amama."

Nyumba inali pafupi. Mkazi wanga anavula duku yake ya maluwa ofiira, yonunkhira utsi wa nkhuni, nangoti, "Abambo, boma lafika pamenepa?"

Ndinakhala pa makina, mesenjala nandimanga bwinobwino mfundo kumbuyo. Ndinayamba kutaipa Salimo la Mbusa, poti ndilo ndinkalidziwa pamtima. Ndinkamva wina akufwenthera pakona, ndinkaganiza kuti ndi chimfine.

Chitseko chinatseguka. Kunamveka nsapato za anthu awiri, ndipo kufwenthera kuja kunaleka. Ndinati woyesa uja wafika, ndiye ndinawonjezera liwiro.

"Kodi ichi n'chiyani?"

Anali mawu a bwana. Ndisanayankhe kunamveka mawu ena okhuthala, amene aliyense pa boma ankawadziwa: atcheya a chipani.

"Munthu uyu wakhala moyang'anana ndi chithunzi cha mtsogoleri wa dziko, mbwenu watseka maso. Sakufuna kuona chiyani?"

Amene sanakhale m'masiku amenewo akhoza kuseka. Anthu ankapita osabwerera pa nkhani zochepa kuposa iyi. Chithunzicho chinalidi pakhoma patsogolo panga. Ndinaganiza za ana anga. Ndinayesa kumasula duku koma mfundo ya mesenjala inakana.

Wa zachuma ndiye analankhula, osalankhulira m'mphuno tsopano, koma mawuwo ndinawazindikira kuti ndi aja a pa foni.

"Atcheya, pepani, iyi ndi njira yatsopano ya chitukuko. Magetsi kapena nyali zikavuta, ntchito ya boma isaime. Tonse muno tikuiphunzira."

"Nonse?"

"Tonse, atcheya."

"Ndapota! Tiyeni inuyo, tione."

Anandimasula, nam'manga iyeyo duku ya mkazi wanga. Munthuyu anali asanagwirepo makina otaipira chibadwire. Anawomba mabatani ngati akupuntha nyemba, belu la makina likulira, zitsulo zikukolana. Atcheya anatenga pepala lake, naliyang'ana nthawi yaitali. Magalasi awo anali atawasiya m'galimoto.

"Yewo chomene," anatero. "Ndikadzabweranso ndidzaone mesenjalayu nayenso."

"Ine ndine wa njinga, adada," anatero mesenjala motsitsa mawu.

"Mbwenu muyambe ndi makina, njinga pambuyo."

Atcheya atapita, bwana anaika mapepala awiri aja pa tebulo, langa la Salimo ndi linalo, limene silinali m'chinenero chilichonse cha pansi pano. Nditawafotokozera za foni ya ku likulu ija, anafunsa kuti inachokera kuti. Wa zachuma anavomera kuti inachokera ku ofesi ya zaulimi, kuseri kwa khoma lathu. Bwana anandiuza kuti ndikafuna, nkhaniyi ipita patsogolo, ndipo awiriwo ntchito iwathera. Ndinapempha kuti ndikagone nayo kaye.

Sindinafulumire. Ndinakwiya, ngakhale mwakachetechete. Koma ndinakumbukanso kuti wa zachuma uja akanatha kungokhala chete pakona pake, ine n'kutengedwa.

Lamlungu titaweruka ku tchalitchi tinawapeza awiri aja atakhala pa khonde pathu, zipewa zili m'manja, tambala womangidwa miyendo ali pakati pawo. Mkazi wanga analowa m'nyumba, natuluka atavala duku yomwe ija, yochapidwa, nawapatsa moni mwaulemu wonse.

"Mwabwera kudzabwerekanso?" anawafunsa.

Desiki ya pakhomo ija ndinaipeza mwezi wotsatira, ndipo nkhani yawo sinapite kulikonse. Ndinawakhululukira.