Masikalopu a Agogo Angus

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinaona koyamba amayi anga atasowa pogwira m'khitchini mwawomwawo. Tinali titangotha chaka kutsidya kwa nyanja, ku Scarborough, tikukhala pamwamba m'nyumba yosanja, momwe fungo la ndiwo za mitundu yonse ya anthu linkakumana mu lifiti. Amayi ankagwira ntchito yosamalira okalamba m'makomo mwawo, kuwasambitsa, kuwaphikira ndi kuwakumbutsa mankhwala. Mmodzi mwa okalambawo anali bambo wina amene kwathu tinkangowatchula kuti agogo Angus. Ine ndinali ndisanawaonepo, koma nkhani zawo zinkabwera ndi amayi madzulo alionse.

Akazi awo anamwalira Khirisimasi itayandikira, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kudya. Mbale inkabwerera mmene yapitira. Ankangokhala pampando maso ali pawindo, ukawafunsa kanthu n'kungogwedeza mutu. Mwana wawo wamkazi anali atayamba kukamba zowapititsa kunyumba yosungirako okalamba, kumene iwo anali atakana kalekale. Mwanayo ndi amene anauza amayi kuti bambo akewo anakulira ku Nova Scotia, m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo chakudya chimene sankachibweza ndi masikalopu ndi mpunga.

Loweruka lina masana amayi anatulukira ndi kajumbo m'manja, jekete lili mbuu ndi chipale chofewa. Anakhuthulira m'mbale tinthu toyera tozungulira, tokhala ngati chinangwa chosenda chodula mapisi. Ndinatosa kamodzi ndi chala. Kanali kozizira ndi koterera. Ndinakatembenuza kufuna mutu, osaupeza. Minga, mamba, mchira, zonse kunalibe. Ndiye mafunso anayambika. Chinthu chopanda kamwa chimadya bwanji? Kutsogolo kwake ndi kuti? Abambo anali akusita malaya a kutchalitchi pabalaza, ndipo anandifotokozera kuti chamoyocho chimakhala pakati pa zigoba ziwiri, ndipo chimene amayi agulacho ndi mnofu wokha umene umatsegula ndi kutseka zigobazo. Anawonjezera kuti chikakhala chamoyo chimakhala ndi timaso tambirimbiri tabuluu m'mphepete mwa chigoba. Ndinasuzumiranso m'mbale muja, mwina china chindiphethira.

"Ndiye kuti ndi nkhono basi," anatero amayi, milomo atakwinya. Kwawo ku Ntcheu munthu wodya nkhono ankamuloza chala.

Anafuna kuyeserera kunyumba asanakaphikire mwiniwake. Anagawa masikalopu aja pawiri, theka lina n'kubweza mu firiji. Mpunga sunali nkhani. Anatapa wa Kilombero umene azakhali anatibweretsera m'sutikesi, umene unkaphikidwa pakakhala alendo pokha, ndipo posakhalitsa nyumba yonse inali kununkhira. Masikalopu anawaphika mmene ankaphikira nyama ya mbuzi: anyezi, tomato, madzi, n'kuvundikira. Anawasiya abwate nthawi yaitali, poti chinthu chachilendo sudya chosapsa. Ine ndinkangovundukula poto, ndipo ulendo uliwonse ndinkapeza atachepa kuposa poyamba. Ndinafunsa kuti akupita kuti, amayi anandiuza kuti ndichoke pamoto.

Abambo ndiwo anayamba kulawa. Anatafuna, kutafuna, maso ali kudenga, mpaka anapempha madzi. Sikalopu langa linali ngati labala yofufutira pensulo. Amayi anaima chilili, chipande chili m'manja, akuyang'ana potoyo ngati yawanyoza. Munthu amene ankaphikira maukwati kumudzi, amene amayi anzawo a kutchalitchi ankawaimbira foni kufunsa kaphikidwe ka chigumu, tsiku limenelo anagonja ndi tinthu topanda mutu.

Ndinkaganiza kuti ataya zotsalazo. M'malo mwake anatsuka m'manja, anatenga foni n'kuimbira agogo Angus. Abambo anawakumbutsa kuti munthuyo salankhula, koma amayi anangoika foni pa sipika n'kuisanjika pafupi ndi sitovu. Inalira nthawi yaitali. Agogowo atayankha, amayi anawauza m'Chingerezi, mosazungulira, kuti agula masikalopu, awawiritsa ndi tomato, ndipo auma gwa ngati tayala.

Kenako tinamva kaphokoso kamene poyamba ndinkayesa chifuwa, koma kunali kuseka. Agogowo anafunsa kuti awiritsa nthawi yaitali bwanji, ndipo atamva yankho anasekanso. Mawu awo anali osasa ngati chitseko chimene chakhalitsa chosatsegulidwa, ndipo Chingerezi chawo chinali cha kunyanja, chomeza mawu. Pena amayi sankamva, n'kumandiyang'ana ine, poti makutu anga anali atazolowera kusukulu. Ndinkawabwerezera m'Chichewa. Akuti muwapukute ndi kansalu mpaka aume. Akuti chiwaya chitenthe mpaka chiyambe kufuka. Akuti mafuta pang'ono, mchere, batala pambuyo. Akuti muwaike motalikirana, ndipo mukaika musawakhudze.

Apa ndiye panali povuta. Dzanja la amayi linazolowera kutakasa, ndipo masikalopu atangoyamba kulira m'chiwaya linanyamuka lokha. Agogowo, ngati akuona, anakuwa pafoni kuti asiyeni. Amayi anandipatsa chipande n'kupinda manja kumbuyo ngati mwana wa sukulu pa asembule. Tinaima tonse atatu kuyang'ana. M'mphepete munayamba kufiira pang'onopang'ono, utsi unadzaza khitchini, kabelu ka kudenga kochenjeza za moto kanayamba kulira, abambo anathamangira kukatsegula windo, mphepo yozizira n'kulowa. Mkati mwa chipwirikiti chonsecho mawu aja anapitirira kulamula: tembenuzani kamodzi kokha, ponyani batala, finyirani ndimu, phulani. Zonse zinatha msanga moti ndinafunsa ngati apsadi.

Amayi anathira msuzi wa m'chiwaya pa mpunga. Pamwamba masikalopu anali ofiirira, m'kati oyera, ofewa moti supuni inkangolowa, ndipo ankatsekemera mwakutali. Ine ndinadya mofulumira. Amayi anadula kachidutswa, anakayang'ana nthawi yaitali, anatsinzina n'kuika m'kamwa. Foni itadulidwa ndinawafunsa chifukwa chimene adyera, chikhalirecho anena okha kuti ndi nkhono.

"Tadala, munthu sumudyetsa chinthu chimene iwe wachikana," anatero. "Amaona pankhope."

Lolemba anakagulanso ena n'kukaphikira konko, agogowo atakhala pampando wawo pakhomo la khitchini akulondera chiwaya. Agogowo anadya pang'ono, n'kudandaula kuti mchere wachuluka ndipo akazi awo sankafinyira ndimu yambiri choncho. Amayi anabwera kunyumba akumwetulira. Anati munthu akayamba kudandaula za mchere ndiye kuti wabwerera. Agogo Angus anakhalabe m'nyumba yawo mpaka chilimwe cha chaka chotsatira, ndipo anamwalira ali pabedi pawo.

Ndinakula ndikukamba nkhaniyi ngati ya tsiku limene amayi analephera kuphika. Panopa ndine namwino ku Hamilton, ndipo ndaona okalamba ambiri amene aliyense amawachitira zonse koma palibe amene amawapempha kanthu. Tsiku lina ndinawafunsa amayi ngati anaimba foni ija chifukwa chosadziwadi, kapena pofuna kuti agogowo alankhule. Pajatu mwana wa agogowo uja akanatha kuwauza kaphikidwe kake. Amayi anaseka, n'kunena kuti kusadziwako kunali koona, koma munthu ukasowa nzeru umasankha wokamufunsa. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti agogo Angus anayamba kuchira Loweruka lija, asanalawe kalikonse, pamene munthu wina anafuna chinthu chimene iwo okha akanamupatsa.