Thupi Langa Linayamba Kumuopa Ine Ndisanadziwe

Anzanga, Fanuel ndinakumana naye pa Chinakanaka tsiku la msika. Ndinkagulitsa nanazi, mvula n'kuyamba, iye n'kubwera kudzausa pashedi panga.

"Achemwali, nanazi wokoma ndi uti apa?"

"Onsewa."

"Nanga ndikasankha wogulitsayo?"

Ndinaseka mpaka kugwetsa mpeni. Iii, mnyamata ankatha kulankhula!

Anali kapitawo ku esiteti komwe bambo anga amatchola tiyi. Lamulungu ankanditenga pa njinga yamoto mpaka kumunsi kwa phiri la Chambe, tikudya chips m'pepala limodzi. Bambo atavutika msana, ndi iye anawayankhulira kwa mabwana kuti achoke kumunda, aziyeza masamba pa sikelo. Nyumba ya kampani sitinatulukemo chifukwa cha iye.

Titapanga chinkhoswe ndinasamukira kwake.

Poyamba zinkakoma. "Babe uli kuti?" Ine kumanyada kuti ndimakondedwa.

Kenako zinakhala video call. "Tembenuza kamera ndione amene uli naye." Geni anandiletsa. Anzanga a kumsika anati ndi mahule.

Sanandimenyepo, ndisamunamizire. Koma sindinkadziwa kuti lero alowa pakhomo ndi Fanuel uti. Wanthabwala uja, kapena wongokhala duu, foni yanga ili m'manja mwake.

Ndikangomva njinga yamoto, ngakhale ya kabaza yongodutsa, mtima unkagunda ngati andithamangitsa agalu. Tulo tinathawa. Tsitsi linkatsalira pa chipeso. Chimfine chosatha, msambo kusokonekera, mimba kumakula mpaka anthu kumandifunsa kuti ndi ya miyezi ingati.

Ndiye kuiwala! Mchere ndinkathira kawiri. Tsiku lina ndinaima pakhomo pa golosale osakumbuka chomwe ndabwerera...

Mayi anati mwina wina wandichita chipongwe. Fanuel anati tipite kuchipatala, ndipo analowa nane mpaka m'chipinda.

Anesi, a Mariyamu, anandiyeza zonse. Malungo ayi. Mimba ayi. BP yokwera ngati ya agogo.

"A Rosie, iyi ndi stress," anatero. "Munthu akaopsedwa, thupi limatulutsa mahomoni, ena amawatcha cortisol, kuti athe kuthawa. Choopsacho chikapita, amatsika. Koma mantha akakhala a tsiku ndi tsiku, thupi silipuma. Tulo timasokonekera, chitetezo cha m'thupi chimafooka, ngakhale ubongo umavutika kusunga zinthu. Chikukusowetsani mtendere n'chiyani?"

Ndisanatsegule pakamwa, dzanja la Fanuel linatera pa bondo langa.

"Palibe, asisita. Uyu ndimamupatsa chilichonse. Si choncho, babe?"

"Eya," ndinatero.

A Mariyamu anandiyang'ana kanthawi, kenako anamutuma Fanuel kuti akaime pa mzere wa mankhwala. Chitseko chitatsekeka anakoka mpando kufupi.

"Tatsala awiri. Nenani."

Anzanga, ndinalira ngati pamaliro. Ndinanena zonse.

"Mapiritsiwa atsitsa BP," anatero motsitsa mawu, "koma sachotsa chomwe mukuopacho. Muli ndi kopita?"

Ndinati ee, kwathu.

Mawa lake, iye ali kuntchito, ndinathamangira kwa mayi.

"Amayi, ndikufuna kubwerera kuno. Ndikudwala chifukwa cha iye."

"Wakumenya?"

"Ayi."

Mayi anayang'ana bambo atagona pa mphasa, msana atamanga ndi chitenje. Anayang'ananso azing'ono anga akusewera pakhonde.

"Mwana wanga, ukachoka kumeneko, ifenso m'nyumba muno tichoka. Tipita kuti? Tapirira pang'ono."

Sindinawakwiyire. Maso awo anali atadzaza misozi.

Ndinabwerera kwa Fanuel, n'kuphika, n'kumulandira ndikumwetulira.

Chikondi chinatha kalekale, koma ine ndikadali pano. Ndikulemba pa foni ya aneba, chifukwa yanga amaiwerenga.

Anzanga, musadikire chipsera kuti mukhulupirire kuti mukuvulazidwa. Thupi likayamba kunjenjemera ndi munthu amene mumati mumamukonda, limvereni msanga, zitseko zisanatsekeke zonse.